Wosesa tchalitchi asamagulenso yekha tsache

Parishi ya Anglican kuno kwathu imakhala ndi munthu mmodzi wolandira malipiro, ndiye wansembe. Pena amakhalapo awiri kapena atatu ngati pali mlonda ndi katekisiti. Ntchito ina yonse, kuyambira kutsekula chitseko Lamulungu m'mamawa mpaka kukagona pa siwa pakati pa sabata, imagwiridwa ndi anthu amene sayembekezera kanthu pakutha pa mwezi. Zimenezi n'zabwino, ndipo ziyenera kupitirira. Chimene ndikukana ine ndi chizolowezi chimene chamera pamwamba pake. Tayamba kuyesa ntchito yodzipereka ngati yopanda mtengo, chonsecho mtengo ulipo, ndipo woulipira ndi yemweyo amene akugwira ntchitoyo. Nthawi zambiri amakhala mayi, ndipo si mayi wopeza bwino ayi.

Loweruka masana, mlaga (kagulu ka Akhristu a dera limodzi) umene uli pa ndandanda yosesa umafika pa tchalitchi ndi matsache, zikolopa ndi ndowa zochokera kunyumba. Sopo wabweranso m'thumba la wina. Polishi wapansi asonkherana. Akamaliza, nsalu za pa guwa, mikanjo ya anyamata otumikira ndi tinsalu topukutira chikho zimapita kwa mayi mmodzi wodalirika. Iye amachapa ndi sopo wake, kuyanika pa chingwe chake, ndipo magetsi akazima amakoleza makala ake kuti asite ndi nsimbi, akuuzira phulusa kuti lisagwere pa nsalu yoyera. Lamulungu tonse timalowa, kuona guwa lili mbee, n'kukhala pansi mitima ili m'malo. Wofunsa kuti makala aja anagula ndani palibe.

Kumudzi nkhaniyo imakula. Maparishi ambiri ali ndi matchalitchi angapo pansi pa wansembe mmodzi, ndipo iye sangapezeke konsekonse Lamulungu limodzi. Kumene sanafike, mapemphero amatsogolera ndi lay reader (Mkhristu wosadzozedwa wololedwa kutsogolera mapemphero) kapena katekisiti. Ameneyu ndiye amaphunzitsa kalasi ya ubatizo ndi ya ulimbitso, amayendera odwala, ndipo maliro akagwa wansembe ali kutali amaika ndi iyeyo. Njinga ndi yake. Tayala likaphulika, chubu agula yekha. Tsiku limene wakaika maliro m'mwezi wa Disembala ndi tsiku limene munda wake wagona osapalira, ndipo udzu sudziwa kuti mwini munda anali ku ntchito ya Mulungu.

Pa maliro pomwepo ndi pamene timaona bwino amene asenza mpingo. Uthenga ukangomveka, amayi a Mothers' Union (MU), gulu la amayi a mpingo, amasiya geni yawo, wa tomato kutseka benchi, wa mandasi kuzima moto, n'kuvala yunifomu. Amaimba usiku wonse, amaphika, amakhala pafupi ndi namfedwa, amapereka chipepeso, ndipo ngati mwambo uli kutali amalipiranso okha minibasi kapena kabaza. Mwezi umene maliro achuluka, pali mabanja amene ndiwo zimachepa pa mbale chifukwa mayi sanagulitse masiku angapo. Sindikunena kuti asiye kupita kumaliro. Kumaliro timapita tonse, ndi umunthu. Ndikunena kuti pamene mayiyo wapita atatumidwa ndi mpingo, atanyamula dzina la parishi, ulendowo si wake yekha.

Ena amayankha kuti mpingo wathu unayamba choncho, ndi anthu odzipereka. N'zoona, koma mbiriyo tiikumbuke yonse. Amishonale a UMCA (Universities' Mission to Central Africa), bungwe limene linabweretsa mpingo wa Anglican kuno, kuyambira gulu la Bishopu Charles Mackenzie limene linafika ku Magomero mu 1861 mpaka amene anakhazikika pa Likoma mu 1885, anali odziperekadi. Sankalandira malipiro oti munthu n'kulemera nawo, ndipo ambiri anasiya mafupa awo kuno. Mackenzie anamwalira mu 1862, chaka chisanathe chifikireni ku Magomero. Chauncy Maples anamira m'nyanja mu 1895 atangodzozedwa kumene ubishopu, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Koma mishoni inkawapatsa chakudya, pogona, mankhwala ndi ulendo. William Percival Johnson akamazungulira midzi ya m'mphepete mwa nyanja pa sitima yotchedwa Charles Janson, nkhuni za sitimayo sankagula ndi ndalama za m'thumba mwake. Iwo ankapereka moyo ndi nthawi, zida zogwirira ntchito zinkachokera ku mpingo. Ndipo sitima ikachoka, amene ankatsala kusunga mpingo m'midzimo anali aphunzitsi achikuda, anthu onga Leonard Kamungu, amene anayamba ngati mphunzitsi, n'kukhala wansembe mu 1909, n'kukamwalira pa ntchito ku Msoro, ku Zambia, mu 1913. Dzina lake lero lili pa koleji ya ansembe ku Zomba. Anzake ambirimbiri mayina awo anakwiririka.

Nthawi ya mishoni inatha. Lero tili ndi madayosizi anayi, Lake Malawi, Northern Malawi, Southern Malawi ndi Upper Shire, ndipo parishi iliyonse imayenera kudzidalira ndi kupereka kota yake, ndalama imene yaikiridwa, ku dayosizi. Kudzidalira n'koyenera, palibe Mkhristu wamkulu amene angafune kuti kandulo za pa guwa lake zizigulidwabe ku England. Koma katundu amene ankasenza mishoni sanasungunuke. Anangotsika kuchoka ku London kufika ku dayosizi, kuchoka ku dayosizi kufika ku parishi, ndipo gawo limene parishi sinalilembe mu bajeti linakathera m'kachikwama ka mayi wa MU ndi pa njinga ya lay reader. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sopo, wa thiransipoti ndi wa shuga unakwera nthawi imodzi, koma ndandanda ya ntchito za kumpingo sinafupike ngakhale mzere umodzi.

Ndikudziwa mantha amene akulu a mpingo ali nawo nkhani imeneyi ikatchulidwa, ndipo si mantha opanda pake. Dziko lathu lalowa matenda a alawansi. Munthu ukamuitana kumsonkhano, funso loyamba limakhala lakuti kuli kangachepe kodi. Mabungwe anazoloweretsa anthu kuti kukhala pa mpando m'holo n'kusayina pepala ndi ntchito yolipidwa, ndipo pali makomiti a m'midzi amene anafa tsiku limene envelopu inasiya kubwera. Matenda amenewa atalowa mu parishi, kwaya ingayambe kuimba molingana ndi kulemera kwa banja loferedwa, ndipo maudindo angamalimbiranidwe ndi anthu amene akusaka ganyu. Ine ndingakhale woyamba kukana zimenezo.

Koma alawansi ndi china, kubweza ndalama imene munthu wawononga ndi chinanso. Alawansi imalipira kupezeka kwa munthu, ndipo amabwerera kunyumba ali ndi zambiri kuposa zimene anachoka nazo. Kubweza kumangomusiya pamene anali. Wapita kumsonkhano wa archdeaconry, wa maparishi a chigawo chimodzi, m'malo mwa parishi, walipira minibasi popita ndi pobwera, msungichuma amubwezera ndalama ya minibasiyo, osawonjezera, osachotsera, n'kulemba m'buku. Nthawi yake waperekabe kwaulere. Mphamvu zake waperekabe kwaulere. Chimene sitinamulande ndi ndalama ya ndiwo za ana ake. Ndipo amene ali nazo, ngati akufuna kuti ulendowo ukhale chopereka chake, alandire kaye n'kukaponya m'mbale mwa kufuna kwake. Pamenepo m'buku mudzaoneka mtengo weniweni woyendetsera parishi, ndipo wosauka sadzachita manyazi polandira chifukwa onse akulandira.

Kusabwezaku kuli ndi chotsatira china chimene sitichilankhula. Kumasankha atsogoleri m'malo mwathu. Pa msonkhano wa vestry, wa pachaka wa Akhristu onse a parishi, pamene tikusankha ma warden (akulu oyang'anira tchalitchi) ndi a khonsolo ya parishi, dzina la munthu wanzeru ndi wokhulupirika likatchulidwa, pamamveka kunong'ona kwakuti koma akwanitsa, alibe galimoto, mayunitsi a foni azipeza kuti. Mwini wakenso amadziwa, ndipo amakana yekha asanafunsidwe. Mapeto ake mipando ya kutsogolo imakhala ya amene angathe kudzilipirira, ntchito za manja n'kukhala za amene sangathe. Palibe lamulo la mpingo limene linalemba zimenezo, koma ndi mmene zikuyendera m'maparishi ambiri a m'tauni. Munthu wogulitsa makala akhoza kukhala warden wabwino kuposa manijala wa kubanki, ndipo parishi imene singathe kumugulira mayunitsi yadzimana yokha mtsogoleri.

Yankho lina limene limabwera msanga ndi lakuti mphotho yawo ili kumwamba. Ndimakhulupirira zimenezo. Koma ndaona kuti mawuwa amatuluka kawirikawiri pakamwa pa anthu amene mphotho yawo ina amalandiriratu pansi pano pa 25 mwezi uliwonse. Mu Machitidwe a Atumwi chaputala 6, kudandaula kutabuka kuti akazi amasiye ena akuiwalidwa pa kagawidwe ka chakudya, atumwi sanauze odandaulawo kuti apirire, adzadya kumwamba. Anaitanitsa msonkhano, anasankha anthu asanu ndi awiri, n'kukonza dongosolo. Nkhani ya mbale ndi mapoto anaiona ngati nkhani ya mpingo wonse, yoyenera kukambidwa poyera.

Tikambenso za amene amaphika ndi amene amasayina. Mary Sumner atayambitsa Mothers' Union mu 1876 ku Old Alresford, ku England, cholinga chinali choti amayi azithandizana pa za banja ndi kulera ana m'chikhristu. Sanayambitse gulu lophikira misonkhano. Komabe m'maparishi athu, bishopu akamabwera kudzalimbitsa ana, kaya kukakhala msonkhano wa akuluakulu, chiganizo cha khonsolo chimakhala chachifupi: za chakudya aona amayi. Amayiwo amasonkha mpunga, nkhuku ndi mafuta, amafika mbandakucha, ndipo Misa yonse imawadutsa ali kuseri kwa holo, maso ali psuu ndi utsi. Alendo akadya, amayamikiridwa ndi mawu awiri, pamene amene anapereka matumba a simenti amaitanidwa kutsogolo ndi dzina, n'kuwombedwa m'manja. Simenti ndi yofunika, sindikunyoza. Koma mutawerengera masiku amene mayi mmodzi wataya pa geni yake m'chaka chonse chifukwa cha mpingo, mwina mungapeze kuti wapereka koposa wa simenti uja, kungoti chopereka chake sichikhala ndi lisiti.

Abambo tilibe chifukwa chomveka chokanira kugwira chikolopa kapena kutsuka mapoto a pa chikondwerero cha parishi. M'mahotela ndi m'malesitilanti a mu Blantyre ndi Lilongwe, ophika ndi okolopa ambiri ndi amuna, ndipo palibe amaseka chifukwa kumeneko kuli malipiro. Ntchito yomweyo ikakhala yaulere m'nyumba ya Mulungu, mwadzidzidzi yasanduka ya amayi. Ndandanda yosesa ikhale ya mlaga wonse, amuna ndi akazi, ndipo ma warden ayambe ndi iwo kuti ena aonere.

Pano ndiyenera kunenanso mbali imene odzipereka ena saikonda. Ng'oma yolira sichedwa kung'ambika, ndipo mu parishi ng'oma zolira zimakhala zochepa, zomwezomwezo. Mayi mmodzi ali mu kwaya, ndi msungichuma wa MU, amaphunzitsa Sande Sukulu, amalangiza atsikana a gulu la St Agnes, ndiponso ndiye amasunga makiyi a kabati ya ziwiya. Timamuunjikira chifukwa sakana. Koma nthawi zina iyenso safuna kutula. Makiyi aja asanduka ulemu wake, ndipo wachitsikana akayesa kukonza maluwa a pa guwa mwa njira ina, amauzidwa kuti kuno sitichita choncho. Wachitsikanayo sabweranso Loweruka lotsatira, kenako timadandaula kuti achinyamata a masiku ano safuna ntchito ya mpingo. Udindo uliwonse, ngakhale wosunga makiyi a kabati, uzikhala ndi nthawi yake yothera, ndipo munthu asasenze maudindo oposa awiri. Wotula asaonedwe ngati wachotsedwa. Apume, apemphere Misa yonse atakhala pa benchi, chinthu chimene ena sanachitepo zaka zambiri.

Achinyamata amene tili nawo timawagwiritsa ntchito ngati manja okha. Amanyamula mabenchi, amamanga matenti, amaimba, amatumikira pa guwa, ambiri a iwo ali pa ulova ndipo abwera wapansi. Ikafika nthawi yokambirana za ndalama, amauzidwa kuti adikire panja. Mnyamata amene anaphunzira za akawunti ndipo akusowa ntchito angathe kusunga mabuku a parishi bwino kuposa mmene akusungidwira, n'kupezanso kalata yomuchitira umboni pofunsira ntchito. Akapita ku mipingo ina kumene amapatsidwa maikolofoni ndi udindo mwezi woyamba, timati atengeka ndi zoimbira. Mwina ena atengekadi, koma ena angopita kumene akuwerengedwa ngati anthu.

Tsono funso lovuta ndi lakuti ndalama zobwezerazo zichokera kuti, popeza maparishi ambiri akulephera ngakhale kumaliza kota, ndipo pali ansembe amene amalandira mochedwa. Kumudzi kumene mbale ya chopereka imabwera ndi timapepala ta K50 ndi K100 topindapinda, sindingayembekezere zambiri. Komabe ngakhale kumeneko, pa nthawi ya masika Akhristu amabweretsa chimanga, mtedza ndi mpunga. Kupatula thumba limodzi kapena awiri kuti agulitsidwe n'kukonzera njinga za ma lay reader si chinthu chosatheka. Ndipo mlaga ukhoza kupita tsiku limodzi kukapalira munda wa munthu amene amawaikira maliro. Makolo athu ankalimirana, sitikuyamba zachilendo.

M'tauni ndiye chifukwa chosowa ndalama sichindigwira mtima kwenikweni. Tikafuna matailosi, mpanda wa njerwa kapena zokuzira mawu zatsopano, timachita Paper Sunday, timaitana mlendo wolemekezeka, timatumiza uthenga pa gulu la WhatsApp, ndipo abale athu a ku Johannesburg ndi ku UK amatumiza msangamsanga. Ndalama ya chinthu chooneka, chimene tingachijambule n'kuika pa Facebook, imapezeka. Imene imasowa ndi ya sopo, ya chubu cha njinga, ya minibasi ya mayi wokayendera wodwala ku Queens kapena ku Central. Vuto si kuchepa kwa ndalama kokha, ndi zimene tasankha kuziona ngati zoyenera ndalama. Parishi imene ili ndi mpanda wokongola koma yosatha kutumiza munthu kukaona odwala ake yaika patsogolo njerwa.

Tisaiwale kuti anthu omwewa ndi amene dera lonse limadalira zinthu zikavuta. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Chilobwe ndi kumadera a Mulanje ndi Phalombe mu Marichi 2023, magulu a m'mipingo yosiyanasiyana anasonkhanitsa zovala, ufa ndi mabulangete kupititsa kumisasa. Anatha kutero msanga chifukwa anali kale ndi ndandanda, atsogoleri ndi chizolowezi chosonkhana. Mpingo wa Anglican umanyadira zipatala zake, St Luke's ku Malosa, St Martin's ku Malindi, St Anne's ku Nkhotakota ndi St Peter's pa Likoma, ndipo ndi zonyaditsadi. Koma wodwala akatuluka m'chipatala, amene amamutungira madzi ndi kumuphikira phala kunyumba ndi amayi a mlaga wake. Gulu lotere likatopa n'kumwazikana, kulimanganso kumatenga zaka.

Ndipo likatopadi timachita nalo bwanji? Aliyense wa ife akudziwa gogo wina amene anasesa tchalitchi kuyambira ali mtsikana, amene tsopano miyendo yakana ndipo sangafike ku Misa. Miyezi yoyamba anthu amafunsa za iye, kenako dzina limazilala. Tsiku limene adzamwalire tidzabwera ndi yunifomu, kwaya ziwiri ndi nkhata za maluwa, ndipo mlaliki adzanena kuti mzati wagwa. Ndalama ya nkhata imodzi ikadagula shuga ndi sopo ali moyo. Parishi iliyonse iyenera kukhala ndi kaundula wa okalamba ndi odwala amene sangathe kuyenda, kuti wansembe aziwapititsira Mgonero mokhazikika, osati pokhapokha akamva kuti zafika povuta, ndiponso kuti thumba la zachifundo liziyamba ndi iwo.

Zonsezi siziyembekezera sinodi kapena kalata yochokera kwa bishopu. Malo ake ndi msonkhano wa vestry, pamene msungichuma amawerenga lipoti la chaka ndipo Mkhristu aliyense ali ndi ufulu woimika dzanja. Ambiri timakhala chete pamenepo, kuyang'ana wotchi, kufuna kukadya nsima. Chaka chino wina aimirire n'kufunsa mwaulemu kuti pa ndalama zonse zimene zinatuluka, ndi zingati zinapita ku zomanga, zingati ku mphatso za alendo ndi maphwando, ndipo ndi zingati zinabwezedwa kwa anthu amene parishi inawatuma. Ngati yankho la funso lomalizali ndi lakuti palibe, apemphe kuti mu bajeti ya chaka chamawa mulowe mzere wa zipangizo zosesera ndi kuchapira, wa thiransipoti ya otumidwa, ndi wa kukonza njinga za ma lay reader, ndipo mlembi alembe pempholo mu maminitsi msonkhano usanatsekedwe.